Ngamila za ku Pushkar, mbendera za ku Ramdevra: zikondwerero za m'chipululu cha Thar

Nesi wa ku Leeds: Moni nonse. Mnzanga wa kuntchito kwawo ndi ku Rajasthan, chigawo cha kumpoto chakumadzulo kwa India, ndiye wapempha tchuthi cha Novembala ati akukaona msika wa ngamila ku Pushkar. Wandionetsa zithunzi, ngamila zovekedwa mikanda ndi timabelu, zina zometedwa maluwa m'nthiti, azibambo a nduwira zofiira atakhala pamchenga akuotha moto. Inu amene muli ku India tandiuzani, chimenechi ndi chipembedzo, ndi malonda, kapena ndi zongokopera azungu? Komanso malo opanda madzi ngati amenewo, chinamtindi cha anthu ndi ziweto chimamwa chiyani?

Wa Kabaza pa Lunzu: Ngamila kumetedwa maluwa? Ine tsitsi langa lomwe ndikulephera kulipirira.

Wasukulu ku Jodhpur: Achemwali, zonse zitatu zilimo, koma sizibwera tsiku limodzi. Pushkar ndi katauni kakang'ono pafupi ndi mzinda wa Ajmer, makilomita osapitirira 15, m'mphepete mwa chipululu cha Thar, m'tsinde mwa mapiri a Aravalli. Pakati pake pali kanyanja kozunguliridwa ndi madooko a masitepe 52 otsikira kumadzi. Masiku oyamba ndi a eni ziweto. Amafika ndi ngamila, akavalo ndi ng'ombe, n'kumanga misasa pamchenga kunja kwa tauni, malonda n'kumachitika. Akamatha malonda, eni ngamila ambiri amayamba kubwerera, ndiye pamalowa anthu a mapemphero. Masiku asanu omaliza ndi osamba m'kanyanjako, ndipo chimake ndi tsiku limene mwezi wa Kartik wa pa kalendala ya Chihindu wakhala wathunthu, masabata awiri chidutsireni Diwali, chikondwerero chawo cha nyali. Ahindu amakhulupirira kuti kusamba tsiku limenelo kumachotsa machimo.

Azungu ambiri amafika pakati, nthawi ya mipikisano ya ndevu zazitali ndi kuthamangitsa ngamila imene nthambi ya boma yokopa alendo imakonza m'bwalo. Ena amadandaula kuti ngamila zachepa, osadziwa kuti zambiri zinapita kale.

Aphunzitsi Opuma a ku Dowa: Ndiwonjezerepo za malowo, poti ndinkaphunzitsa jogalafe. Chipululu cha Thar chili mbali ziwiri, India ndi Pakistan, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 200,000. Malawi yense, kuphatikiza nyanja, ndi 118,000 ndi kanthu. Mvula imagwa pakati pa Julayi ndi Seputembala basi, ndipo kumadzulo kwenikweni cha ku Jaisalmer chaka chimatha ndi mamilimita osafika 200. Kutentha ndiye musanene. Tauni ya Phalodi inafika madigiri 51 m'Meyi 2016, ndipo mpaka pano palibe malo ena a India amene anapitirira pamenepo. Koma musaganize kuti ndi mchenga wopanda anthu. Mwa zipululu zonse za padziko, chimenechi ndi chimodzi mwa zokhala anthu ambiri. Amalima mchewere, amaweta mbuzi, nkhosa ndi ngamila, amasunga madzi a mvula m'zitsime zomangidwa pansi pa nyumba.

Wa ku Bangula: Madigiri 51 aphunzitsi? Ife kuno tikafika 43 timati dziko latha.

Wasukulu ku Jodhpur: Bwerani m'Meyi achimwene mudzaone nokha. Chitsulo cha geti sichigwirika.

Koma ndinene zimene ine ndimaona. Pushkar ndi imene imatchuka kunja chifukwa imajambulika bwino. Mukafunsa munthu wamba kuno ku Marwar, dera lozungulira mzinda wa Jodhpur, kuti chikondwerero chachikulu ndi chiti, sakuuzani Pushkar. Akuuzani Ramdevra. Ndi mudzi wa m'boma la Jaisalmer, makilomita 12 kuchokera ku Pokhran, komwe kuja India anayesera mabomba a nyukiliya mu 1974 ndi 1998. Kumeneko kuli manda a Baba Ramdev, mwana wa mfumu wa fuko la Tanwar amene anakhalako zaka pafupifupi 600 zapitazo. Musamusokoneze ndi Baba Ramdev wina uja wophunzitsa yoga pa TV, ndi anthu awiri osiyana.

Mwezi wa Bhadrapada ukayandikira, cha m'Ogasiti kulowa Seputembala, msewu wochoka kuno kupita ku Pokhran umadzaza ndi anthu oyenda pansi. Ndi makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Jodhpur, koma ena amachokera ku Gujarat, ku Madhya Pradesh, ku Haryana, masabata ali panjira. Aliyense wanyamula mbendera pa nsungwi, zina zazitali moti zimafuna anthu angapo, ndipo akamakumana amakuwa kuti "Jai Baba ri", kutanthauza kuti atamandike Baba. Amayi obereka ana, agogo a ndodo, anyamata a njinga zamoto okweza zokuzira mawu. Ambiri amayamba akwera kaye phiri la Masuria mumzinda muno, pamene pali manda a Balinath, mphunzitsi wa Ramdev, kenako n'kuuyamba ulendo. M'mbali mwa msewu anthu amakhoma matenti, amaphika, amapereka tiyi, chakudya, mankhwala a matuza ndi pogona, zonse ulere. Amalonda a m'tauni amasonkha ndalama chaka chonse kuti adzadyetse anthu osawadziwa. Ine ndinakwera basi nthawi imeneyo, ndipo pamene tinaima mnyamata wina anatikakamiza tonse kutsika kuti tidye, ine mlendo wakuda ndemwe.

Nesi wa ku Leeds: Ndiye akafika amachita chiyani?

Wasukulu ku Jodhpur: Amaima pamzere wautali, nthawi zina usiku wonse, kuti akafike pamanda. Amapereka kokonati, zotsekemera, ndi akavalo osokedwa ndi nsalu, poti Ramdev amajambulidwa nthawi zonse ali pa kavalo. Akavalo ena ndi ang'ono okwana m'manja, ena ndi aakulu onyamula pamapewa anthu anayi. Kachisi amene ali pamandapo anamangidwa ndi Maharaja Ganga Singh, mfumu ya ku Bikaner, mu 1931. Usiku kumakhala nyimbo mpaka mbandakucha, ndipo amayi a fuko la Kamad amavina gule wotchedwa terah taali atakhala pansi, atamangirira timbale tachitsulo 13 m'manja ndi m'miyendo, n'kumatimenya ndi tina ta pachingwe. Nthawi zina amaluma lupanga kukamwa, mphika uli pamutu.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi anthu amene amapitako. Ambiri ndi osauka, makamaka a Meghwal ndi magulu ena amene kale ankatengedwa ngati osayenera kukhudzidwa, oletsedwa kulowa m'makachisi akuluakulu ndi kutunga pachitsime chimodzi ndi anzawo. Mbiri imati Ramdev, ngakhale anali wa banja lachifumu, ankadya ndi kupemphera nawo. Pafupi ndi manda ake pali manda a Dali Bai, mtsikana wa Meghwal amene iye ankamutenga ngati mlongo wake, ndipo anthu amapembedza ponse pawiri.

Ustazi wa ku Mangochi: Ndinamva kuti Asilamu nawonso amapitako. Zoona zimenezo?

Wasukulu ku Jodhpur: Zoona Ustazi. Iwo amamutchula Ramsha Pir. Nthano yake imati akuluakulu asanu a Chisilamu anachokera ku Mecca kudzamuyesa. Atawakonzera chakudya anakana, ati timadyera m'mbale zathu zokha ndipo taziiwala ku Mecca. Iye anatambasula dzanja, mbale zija n'kufika pomwepo. Akuluakulu aja anakhala konko osabwereranso. Chinanso, Ahindu ambiri amawotcha maliro, koma apa pali manda enieni ofundikidwa nsalu, ofanana ndi a oyera mtima a Chisilamu.

Mkulu wa Mpingo ku Area 25: Abale, tisakometse zinthu. Kugwadira manda a munthu ndi kupereka akavalo ansalu ndi kupembedza mafano. Lamulo lachiwiri ndi lomveka. Ndimamva chisoni kuti anthu osauka akuyenda mtunda wonsewo kukafuna thandizo kwa munthu wakufa.

Ustazi wa ku Mangochi: Pamenepo ine ndi akulu a mpingo sitisiyana kwambiri. Ifenso timaphunzitsa kuti wopemphedwa ndi Mulungu yekha, osati wa m'manda. Koma nkhani imeneyi pakati pa Asilamu ndi yakale ndipo sinathe. Ku Ajmer komweko kuli manda a Moinuddin Chishti, mphunzitsi wa Chisilamu woyesedwa woyera mtima, amene anamwalira m'zaka za m'ma 1230, ndipo mwezi wa Chisilamu wa Rajab kumasonkhana anthu osawerengeka, Asilamu ndi Ahindu omwe. Ena amati ndi kulemekeza munthu wa Mulungu, ena amati ndi kupyola malire. Kwathu kuno mukudziwa mkangano wa a Kadiriya ndi a Sukuti pa nkhani ya sikiri pamaliro. Ndiye sindidabwa.

Woyang'anira Gulu: Akuluakulu nonse awiri mwamveka. Tikumbukire kuti achemwali afunsa kuti timvetse zimene anthuwo amachita, sanafunse kuti tiweruze amene akapulumuke. Tipitirire.

Mkulu wa Mpingo ku Area 25: Ndamva bambo. Koma za kudyetsa alendo panjira zija ndavomera kuti atiposa. Ife msonkhano wa chigawo mbale ya nsima timagulitsa.

Aphunzitsi Opuma a ku Dowa: Ustazi mwatchula Rajab, ndiye mwandikumbutsa chinthu chimene chikuyankha funso la madzi lija. Kalendala ya Chisilamu imatsata mwezi wokha, choncho chikondwerero cha ku Ajmer chimabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, chimatha kugwa m'chilimwe kapena m'nyengo yozizira. Kalendala ya Chihindu imatsatanso mwezi, koma pakatha zaka pafupifupi zitatu amawonjezera mwezi wina wapadera kuti igwirizane ndi dzuwa. Ndiye zikondwerero zawo sizichoka m'nyengo yake. Taonani mmene zakhalira. Ramdevra ili nthawi ya mvula, pamene maiwe a m'njira ali ndi madzi ndipo munthu angathe kuyenda pansi osafa ndi ludzu. Pushkar ili pambuyo pokolola mchewere, kutentha kutatsika, mlimi ali ndi kandalama kogulira ng'ombe yolimira.  Makolo awo sanali opusa. Anthu okhala motalikirana chotero amafuna tsiku limodzi lodziwika kwa aliyense popanda wailesi, ndipo mwezi kumwamba aliyense amauona. Tsiku lomwelo upemphere, ugule mchere ndi zitsulo, ugulitse ngamila, uonane ndi akuchikazi a mwana wako, ubweze ngongole.

Wa ku Bangula: Aphunzitsi nanga misika ina ya ziweto iliko, kapena ndi Pushkar yokha?

Wasukulu ku Jodhpur: Iliko yambiri, ndipo ina eni ziweto amailemekeza kuposa Pushkar. Ku Nagaur kumakhala msika cha m'Januwale kapena Febuluwale, wotchuka ndi ng'ombe zamphongo za mtundu wa Nagauri, zoyera, zamiyendo yaitali, zothamanga pangolo. Pambali pake pamakhala msika wa tsabola wofiira, milu ikuluikulu. Wina ndi wa Mallinath ku Tilwara, pafupi ndi Balotra, cha m'Malichi ndi Epulo. Umenewu umachitikira mkati mwenimweni mwa mtsinje wa Luni, poti nthawi imeneyo mtsinjewo ndi mchenga wokhawokha. Anthu amafukula mchengawo pang'ono n'kupeza madzi omwetsa ziweto, ndipo amati ndi dalitso la Rawal Mallinath, mfumu ya deralo ya m'zaka za m'ma 1300 imene amaiyesa woyera mtima. Ndi kumene kumapezeka akavalo a Marwari, aja a makutu opindikira mkati mpaka nsonga zake kukhudzana.

Wa ku Bangula: Kufukula mchenga mumtsinje wouma ndiye za kwathu zenizeni. Mwanza ukauma amayi amatero kumene. Koma ife sitinaganizepo zoti ndi chozizwitsa.

Wa Kabaza pa Lunzu: Ine ndinaona kavidiyo ka kachisi wodzaza makoswe, anthu akuwapatsa mkaka m'mabeseni. Ndi komweko?

Wasukulu ku Jodhpur: Ndi komweko achimwene, ku Deshnok, makilomita 30 kuchokera ku Bikaner. Kachisi wa Karni Mata. Makoswe alimo masauzande ambirimbiri, ndipo umalowa wopanda nsapato, ukukhwekhwereza mapazi kuti usaponde. Karni Mata anali mayi wa fuko la Charan amene mafumu a Bikaner ndi Jodhpur ankamulemekeza kwambiri. Nthano imati mwana wa m'banja lake anamira padziwe la ku Kolayat, iye n'kukangana ndi mulungu wa imfa, mpaka anagwirizana kuti a m'banja lake akamwalira azibadwanso ngati makoswe a m'kachisimo, khoswe akafa azibadwanso munthu. Ndiye kwa eni ake amenewo ndi agogo awo. Ukaona khoswe woyera ndi mwayi. Ukapha mmodzi mwangozi umalipira khoswe wosulidwa ndi siliva kapena golide. Chikondwerero chake chimachitika kawiri pachaka, nthawi ya Navratri, masiku asanu ndi anayi opembedza mulungu wamkazi, cha m'Malichi kapena Epulo ndiponso cha m'Seputembala kapena Okutobala.

Wa Kabaza pa Lunzu: Anyamata a mbewa a pamsewu wa Lilongwe asamve zimenezi.

Nesi wa ku Leeds: Amenewo ndi makoswe inu, si mbewa. Ngakhale kwathu khoswe sadyedwa. Koma ine monga nesi zoti anthu amadya chakudya chimene makoswe alawa ndiye zandiimitsa mutu.

Wasukulu ku Jodhpur: Ndiye mumvenso za njoka achemwali. Mwezi womwe uja wa Bhadrapada kuli chikondwerero china ku Gogamedi, kumpoto m'boma la Hanumangarh, cha Gogaji, msilikali wakale amene amakhulupirira kuti amateteza ku njoka. Nyumba ya manda ake imaoneka ngati mzikiti, ndipo ena mwa osamalira malowo ndi Asilamu a fuko la Chayal. Amene amachokera kum'mawa amavala zachikasu. Palinso Tejaji, amene alimi a fuko la Jat amamukonda, nayenso wa njoka, ndipo ku Parbatsar kuli msika wa ng'ombe wa dzina lake. M'midzi yambiri mumapeza kaguwa pansi pa mtengo, pali mwala wosemedwa njoka.

Nesi wa ku Leeds: Zikumveka chifukwa chake zili nthawi ya mvula, ndi pamene njoka zimatuluka m'mauna anthu ali kumunda. Koma apa ndiye ndilankhule za ntchito yanga. India ndi dziko limene anthu ambiri amafa ndi njoka padziko lonse, pafupifupi 58,000 pachaka malinga ndi kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2020. Ambiri amafa chifukwa chochedwa. Munthu apemphere mmene akufunira, koma apemphere ali pagalimoto yopita kuchipatala. Kuyamba kukamugoneka paguwa kudikira kuti ululu utsike ndi kumene kumapha. Ndi kwathu komwe ndi chimodzimodzi, timayamba kwa asing'anga.

Dotolo wa Ziweto ku Chikwawa: Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Ndibwerere ku ngamila, chifukwa mwadutsapo msanga pamene pali nkhani yaikulu. Wasukulu wanena kuti azungu amapeza ngamila zitapita. Ndi zoona, koma n'zoonanso kuti ngamilazo zikutha. Kalembera wa ziweto wa India anapeza ngamila pafupifupi 1 miliyoni mu 1992. Mu 2012 zinali 400,000. Mu 2019 zinali 250,000, ndipo mwa zimenezo 213,000 zinali ku Rajasthan. Zifukwa zoyamba n'zosavuta. Ngamila inali ya ngolo, yolimira, yotungira madzi. Kunabwera mathirakitala, timalole ting'onoting'ono, misewu ya tala, ndi ngalande yaikulu ya Indira Gandhi imene inasandutsa malo odyetsera ziweto kukhala minda yothirira. Nkhalango zina boma linatseka.

Kenako boma la Rajasthan linati tiipulumutse. Mu 2014 linalengeza kuti ngamila ndi nyama ya chigawo chawo, ndipo mu 2015 linakhazikitsa lamulo loletsa kuipha komanso kuitulutsa kunja kwa Rajasthan popanda chilolezo. Cholinga chinali chabwino. Chotsatira chake, ogula ochokera kuzigawo zina anasiya kubwera, mitengo inagwa, ndipo woweta amene ankadalira kugulitsa ana amphongo kamodzi pachaka ku Pushkar anapezeka akudyetsa nyama zopanda wogula. Ena anangozimasula kuti zidziyendera. Chiweto chimene mwini wake sangachigulitse sachiweta, zimenezo ndi za kulikonse.

Mkulu wa Mpingo ku Area 25: Koma adotolo, mukufuna kunena kuti bola zikanamaphedwa?

Dotolo wa Ziweto ku Chikwawa: Ndikunena kuti mbuzi timapha tsiku lililonse koma sizikutha, chifukwa zili ndi msika. Komanso anthu amene amaweta ngamila kwambiri, a Raika, eni ake sadya nyama ya ngamila. Chikhulupiriro chawo chimati mulungu wawo Shiva anawalenga kuti azisamalira ngamila basi. Mwambo wawo unkaletsa kugulitsa ngamila yaikazi, unkaletsanso kugulitsa mkaka, ankangopatsa wopempha. Ndiye anthu amene anaisunga nyamayi zaka mazanamazana mwa malamulo awoawo ndi amene lamulo la boma linawapweteka. Pambuyo pake boma linayamba kupereka ndalama kwa mwini ngamila ikabereka, koma zimenezo sizilowa m'malo mwa msika.

Wasukulu ku Jodhpur: Adotolo akunena zoona. Ku Pushkar masiku ano ndalama zenizeni zili pa akavalo. Anthu olemera a ku Punjab amabwera ndi matenti okhala ndi mafani, kavalo mmodzi mtengo wake woposa gulu lonse la ngamila. A Raika ena amangopeza ya tiyi pojambulitsa ndi alendo kapena kuwakweza pangolo. Ana awo ambiri ali m'mizinda, akugwira ntchito m'mashopu.

Dotolo wa Ziweto ku Chikwawa: Ndipo onani zimene zinachitika mu 2022. Matenda a zotupa pakhungu la ng'ombe anapha ng'ombe zambirimbiri ku Rajasthan, boma n'kuletsa msika wa ziweto ku Pushkar chaka chimenecho, monga timatsekera misika kuno kukabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Koma anthu osamba m'kanyanja anabwerabe. Ndiye kwa ine yankho la funso la anesi ndi limenelo. Msika ukhoza kuima, mapemphero saima.

Aphunzitsi Opuma a ku Dowa: Pamenepo tisiyanitse mitundu iwiri. Pali zikondwerero zimene zinamera pa manda, pa dziwe kapena pa mtengo, zimene anthu amapita ngakhale boma lisalengeze. Ndiye pali zimene boma linayambitsa kuti alendo abwere, monga Desert Festival ya ku Jaisalmer m'Febuluwale, ya pamilu ya mchenga ya ku Sam, ndi chikondwerero cha ngamila cha ku Bikaner m'Januwale. Zachiwirizi zili ndi mpikisano womanga nduwira, kusankha bambo wooneka bwino wa m'chipululu, asilikali a m'malire kuguba pa ngamila. Sindikuzinyoza, koma nduna itasintha maganizo zikhoza kutha chaka chimodzi.

Nesi wa ku Leeds: Ine ndiye ndizikhalira kumbuyo pang'ono aphunzitsi. Mnzanga uja akuti oimba a Manganiyar, amene ndi Asilamu koma kuyambira kale amaimbira mabanja a Ahindu pa maukwati ndi pobadwa ana, ambiri akudya chifukwa cha alendo omwewo, poti mabanja amene ankawasunga aja sakuthanso. Ena afika mpaka kuno ku Ulaya kudzaimba. Gule wa a Kalbelia, amene kale ntchito yawo inali kugwira njoka lamulo lisanaletse, analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2010, kaundula yemwe uja muli Gule Wamkulu. Popanda bwalo la alendo atsikana awo akanavinira kuti?

Aphunzitsi Opuma a ku Dowa: Mwanena bwino mwanangu. Bola asamafupikitse nyimbo ya usiku wonse kukhala ya mphindi zisanu kuti mzungu asatope.

Wa ku Bangula: Ine chimene ndikufuna kumva ndi mitengo. Kuno ku Nsanje nkhalango ya Khulubvi yatsala chifukwa ndi ya Mbona, palibe amene angalowemo ndi nkhwangwa. Kumenekonso ziliko zotere?

Wasukulu ku Jodhpur: Achimwene mwafunsa nkhani imene anthu a kuno amainyadira koposa. Makachisi ambiri a kumudzi ali ndi thengo lawo lotchedwa oran. Ziweto zimadyamo, nkhuni zogwa zokha mukhoza kutola, koma kudula mtengo wamoyo ayi. Ndiye pali anthu a Bishnoi. Mphunzitsi wawo Guru Jambheshwar anabadwa mu 1451, ndipo mu 1485, dziko lili pa chilala choopsa, anakhazikitsa malamulo 29 ali pa mulu wa mchenga wa Samrathal. Mwa malamulowo muli kusadula mtengo wauwisi, kusapha nyama, kusefa madzi musanamwe. Maliro awo amaika m'manda, sawotcha. Amasonkhana kawiri pachaka ku Mukam, m'boma la Bikaner, kumene kuli manda ake, mwezi ukakhala mumdima, cha m'Febuluwale kapena Malichi ndiponso cha m'Seputembala kapena Okutobala. Amayatsa moto waukulu wa nsembe n'kumathiramo mafuta a mkaka ndi kokonati. M'midzi yawo agwape amayenda pakhomo osaopa munthu.

Mu 1730 Maharaja Abhai Singh wa ku Jodhpur anatuma anthu ake kukadula mitengo ya khejri kumudzi wa Khejarli, makilomita pafupifupi 25 kuchokera mumzinda muno, kuti awotchere laimu womangira nyumba yachifumu. Mayi wina, Amrita Devi, anakumbatira mtengo n'kukana kuchoka. Anamudula pamodzi ndi mtengowo, ana ake aakazi atatu chimodzimodzi. Anthu a midzi yozungulira anabwera, aliyense n'kugwira mtengo wake, mpaka anafa 363. Mfumu itamva inaletsa kudula mitengo ndi kusaka nyama m'midzi ya a Bishnoi. Chaka chilichonse m'mwezi wa Bhadrapada amasonkhana pamalopo kukumbukira.

Mkulu wa Mpingo ku Area 25: Anthu 363 chifukwa cha mtengo?

Dotolo wa Ziweto ku Chikwawa: Akulu, mtengo umenewo kumeneko ndi nkhokwe. Mizu yake imapita pansi kwambiri moti umakhala wobiriwira m'chilimwe zonse zitauma. Masamba ake ndi chakudya cha mbuzi ndi ngamila, nyemba zake zotchedwa sangri ndi ndiwo zimene amaumitsa n'kusunga chaka chonse, ndipo mchewere umakula bwino pansi pake chifukwa umawonjezera chonde. Pa njala yaikulu ya 1899 mpaka 1900 anthu ankasinja makungwa ake n'kusakaniza ndi ufa. Wodula mitengo imeneyo m'mudzi wa m'chipululu wapha mudziwo, kungoti pang'onopang'ono.

Wasukulu ku Jodhpur: Ndipo nkhondoyo sinathe. Tsopano odula si mfumu, ndi makampani a magetsi a dzuwa. Chipululu chino chili ndi dzuwa lambiri ndi malo otakata, ndiye kuli minda ya mapanelo yosaoneka malire, monga ya ku Bhadla imene imapanga mamegawati opitirira 2,000. Malo ena amene akuperekedwa ndi ma oran amene sanalembedwe bwino m'mabuku a boma, ndipo mitengo ya khejri ikugwetsedwa. A Bishnoi akhala akuchita zionetsero cha ku Bikaner, ndipo misonkhano ya ku Mukam ndi Khejarli ndi kumene nkhani zoterezi zimakambidwa, andale nawonso amathamangira komweko kukalonjeza.

Wa Kabaza pa Lunzu: Mamegawati 2,000 malo amodzi? Atipatseko theka ife tisiye kugona mumdima.

Wa ku Bangula: Adotolo, funso lomaliza kwa ine. Ngamila kuno ku Lower Shire singakhale? Kutentha kulipo, minga iliponso.

Dotolo wa Ziweto ku Chikwawa: Kutentha si vuto. Vuto ndi chinyezi, matope a nthawi ya madzi osefukira, ndi ntchentche zoluma. Mapazi a ngamila ndi ofewa, opangidwira mchenga, m'dambo imaterereka n'kuthyoka. Komanso imagwidwa msanga ndi tizilombo ta m'magazi tofanana ndi timene kashembe amafalitsa, ku India matendawo amawatcha surra. Ku Kenya zikuyenda bwino kumpoto kouma, ndipo mkaka wake ukugulitsidwa mpaka ku Nairobi. Ku India nakonso chiyembekezo chili pa mkaka. Ku Bikaner kuli malo a boma ofufuza za ngamila kuyambira 1984, ndipo kampani ya Amul inayamba kugulitsa mkaka wa ngamila wa m'mabotolo mu 2019, wochokera kwa oweta a ku Kutch m'chigawo cha Gujarat. Kumeneko oweta ayambanso kusunga zazikazi chifukwa lita iliyonse ili ndi mtengo. A Raika a ku Rajasthan ena avomera kugulitsa mkaka ngakhale mwambo unkakana, koma malo oziziritsira mkaka ndi ochepa, ndipo gulu la ngamila silikhala malo amodzi, lero lili apa, sabata yamawa lili makilomita 40 kutsogolo. Galimoto yotenga mkaka iyenera kumalitsatira.